Mutu kapena maso? Zomwe zimabisika mwana wa Down syndrome kapena wachialubino akamavutika m'kalasi

Mwana akamalephera kukopera zomwe zili pa bolodi, chifukwa chake chimapezeka msanga, ndipo kawirikawiri chimachokera pa nkhope ya mwanayo. Akakhala wa Down syndrome anthu amati mutu wake sugwira. Akakhala wachialubino amati ameneyu ngoyenera kusukulu ya osaona. Zigamulo ziwirizi zimaoneka ngati zotsutsana, koma gwero lake ndi limodzi: palibe amene wayeza kuti mwanayo amaona chiyani, ali patali bwanji, kukuwala motani. Kwa woyambayo maso aiwalika. Kwa wachiwiriyo vuto la maso alikulitsa mpaka kumuika m'gulu lomwe si lake.

Ana onsewa anabadwa ndi zomwe ali nazo, maso awo amakula mosiyana ndi a anzawo, ndipo ambiri a iwo amaphunzira m'sukulu wamba za pulayimale, momwe kalasi ya Sitandade 1 ikhoza kukhala ndi ana oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi. Dongosolo lililonse lothandizira mwana wotere, kaya lalembedwa pa fomu ya boma kaya patsamba la kope, likayamba lisanayankhe funso la maso ndiye kuti layamba pakati.

Down syndrome

Selo la thupi la munthu limakhala ndi makromozomu 46, tinthu tonyamula zomwe mwana amatengera kwa makolo, theka ochokera kwa mayi, theka kwa bambo. Mwana wa Down syndrome amakhala ndi 47, chifukwa pa nambala 21 pamakhala atatu m'malo mwa awiri. Dokotala wa ku England John Langdon Down anafotokoza maonekedwe a anawa mu 1866, koma chochititsa chake chinadziwika mu 1959 ku Paris pa ntchito ya Jérôme Lejeune, Marthe Gautier ndi Raymond Turpin. Si ufiti, ndipo si chifukwa choti mayi anaphwanya mwambo ali woyembekezera. Zimachitika kwambiri mayi akabereka atapitirira zaka 35, komabe amayi achitsikana nawonso amabereka ana otere. Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 700 mpaka 1,000 alionse amabadwa choncho.

Anawa amachedwa kuyankhula, ndipo ambiri samva bwino chifukwa timadzi timadzadza kuseri kwa nembanemba ya khutu. Mawu ongomva amawathawa msanga m'mutu. Chomwe amagwira bwino ndi chomwe aona: chithunzi, manja a mphunzitsi, mawu olembedwa pa khadi. Sue Buckley ndi anzake ku Portsmouth ku England anayamba kusonyeza m'zaka za m'ma 1980 kuti ana a Down syndrome angathe kuphunzira kuwerenga ali aang'ono, ndipo kuwerengako kumawathandiza kuyankhula. Tsono taganizani tanthauzo lake. Njira yomwe mwanayu amadalira koposa pophunzira ndi maso, ndipo maso omwewo ndi amene oposa theka la anawa ali nawo vuto.

Ana ambiri amabadwa maso awo asanakhazikike, ena akuona bwino patali kuposa pafupi, koma pomafika zaka zoyamba sukulu diso limakhala litadzikonza lokha. Mwa ana a Down syndrome kudzikonzaku nthawi zambiri sikuchitika, moti akamakula ambiri amafunika magalasi, ena amphamvu ndithu. Ili ndi vuto lomwe aliyense wopima maso angalipeze.

Lomwe limaphonyeka ndi lina. M'kati mwa diso muli kagalasi kofewa komwe minofu imakafinya kuti munthu aone chinthu chapafupi, n'kukamasula akayang'ana patali. Tonse tinaonapo agogo m'tchalitchi akutalikitsa buku la nyimbo mpaka mkono kutha: kagalasi kawo kauma ndi ukalamba, sikakusinthanso. Margaret Woodhouse ndi gulu lake ku Cardiff University ku Wales, omwe atsatira maso a ana a Down syndrome kuyambira m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti ana pafupifupi 3 mwa 4 alionse sasintha diso mokwanira akayang'ana pafupi, ngakhale ali ndi zaka 5 zokha. Mwana wotere akhoza kuzindikira mayi ake ali kutsidya kwa msewu, akhoza ngakhale kukhoza mayeso a zilembo zapakhoma kuchipatala, koma tsamba lili m'manja mwake amaliona mwachimbuuzi. Sanganene kuti sakuona bwino, chifukwa sanaonepo tsamba looneka bwino kuti asiyanitse. Chomwe mphunzitsi amaona ndi mwana wotaya pensulo pakapita mphindi zochepa, wogona pa desiki, wosokoneza anzake. Zonsezi zimalembedwa pa dzina la Down syndrome, nkhani n'kuthera pomwepo.

Gulu la ku Cardiff lomwelo linasonyeza kuti magalasi a magawo awiri, omwe amatchedwa bifocal, amathandiza kwambiri: gawo lam'mwamba ndi loonera patali, lam'munsi loonera pafupi. Kwa mwana, mzere wolekanitsa magawowa amauika m'mwamba kuposa wa munthu wamkulu, kuti akangotsitsa maso alowe m'gawo lowerengera. Ana ena atavala magalasiwa kwa zaka zingapo diso limaphunzira kudzisintha lokha ndipo amabwerera ku magalasi wamba. Kupima vutoli sikulira kuti mwana ayankhe mafunso. Wopima amawalitsa katochi kapadera m'diso mwana akuyang'ana kachithunzi kapafupi, n'kuona momwe kuwalako kukubwerera. Kholo lili ndi ufulu wonse wofunsa kuti, "Adokotala, mwamupimanso zoona pafupi?" Kusayankhula si chifukwa chobwezera mwana kunyumba osapimidwa. Pali makadi a zithunzi, monga a Lea Hyvärinen wa ku Finland okhala ndi nyumba, apozi, bwalo ndi bokosi, omwe mwana amangoloza chofanana nacho.

Ngakhale magalasi atakhala oyenera, anawa saonabe mwakuthwa ngati anzawo, ndipo amavutika kusiyanitsa zinthu zotuwa pa zotuwa zinzake. Apa mpomwe pensulo imakhala mdani. Mzere wotuwa wa pensulo, pa pepala lotuwirako, pakati pa mizere ya buluu yosaoneka bwino, ndi chinthu chomwe mwana wa Down syndrome amachita kufufuza. Akamalemba modumpha mizere timati dzanja lake n'losakhwima, pomwe mizereyo sakuiona. Cholembera chakuda chokhuthala ndi kope lomwe wina wadutsitsamo mizere yakuda ndi rula zimasintha zambiri, ndipo mtengo wake sufika pa botolo la mafuta ophikira. Lamulo loti ana a makalasi oyambirira azilemba ndi pensulo basi liyenera kumupatula mwanayu.

Pali zinanso zofunika kuziyang'anira. Diso limodzi kuthawira m'kati n'kofala, ndipo likasiyidwa ubongo umazolowera kulinyalanyaza, moti mwana akapitirira zaka 7 kapena 8 kulibweza kumavuta. Zikope zimatupa ndi kuchita manthongo, ndipo mankhwala ake oyamba ndi kansalu koyera ka madzi ofunda, osati madzi a masamba ofinyira m'maso, omwe aononga maso ambiri kumidzi. Pa unyamata, khungu loonekera la kutsogolo kwa diso limatha kupyapyala n'kutukuka, makamaka mwa ana okonda kutikita maso, ndipo chizindikiro chake ndi magalasi omwe amasiya kugwira ntchito pafupipafupi. Koma chofunika changu koposa ndi ng'ala yobadwa nayo. Khanda likakhala ndi kadontho koyera pakati pa diso, kaya ndi la Down syndrome kaya ayi, lisadikire tsiku la sikelo: opaleshoni yake imathandiza kwambiri ikachitika m'masabata oyambirira, ndipo kuyera komweko nthawi zina kumakhala khansa ya m'diso. Madokotala a ana ku America amalangiza kuti khanda lililonse la Down syndrome lionedwe ndi katswiri wa maso lisanapitirire miyezi 6, n'kumabwererako chaka ndi chaka mpaka zaka 5.

Kanthu kena kooneka kakang'ono: anawa ali ndi mphuno yosatukuka pakati pa maso, choncho magalasi wamba amatsetsereka, mwana n'kumayang'ana pamwamba pake. Ndalama zapita, phindu palibe. Felemu yokwana bwino ndi kalamba kakumbuyo kwa mutu ndi mbali ya mankhwalawo.

Chialubino

Apa nkhani ndi ina. Chialubino sichikhudza nzeru ngakhale pang'ono. Chimabwera mayi ndi bambo onse akakhala ndi jini yake, kanthu ka m'thupi komwe makolo amapatsira mwana, ngakhale iwo ali akuda bii, ndipo pa mimba iliyonse ya banja lotere mwana mmodzi mwa 4 angabadwe wachialubino. Mtundu wofala kuno kumwera kwa Sahara ndi womwe madokotala amautcha OCA2. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi, chiwerengero chomwe chinadabwitsa ambiri poti kale ankati alipo pakati pa 7,000 ndi 10,000.

Melanin, yemwe amadetsa khungu ndi tsitsi, amagwiranso ntchito diso likamaumbidwa m'mimba. Akasowa, kamalo kapakati kumbuyo kwa diso komwe timaonera tinthu ting'onoting'ono sikakula mokwanira, ndipo mitsempha yochokera m'maso kupita ku ubongo imadutsana mosiyana ndi ya anthu ena. Kuwala kumalowa kochuluka, n'chifukwa chake mwana amatsinzina padzuwa. Maso amagwedezeka okha uku ndi uku. Magalasi amathandiza, chifukwa ambiri ali ndi vuto lomwe magalasi amakonza, koma sangamange kamalo kaja komwe sikanakule.

Mfundo yomwe aphunzitsi ndi makolo ayenera kuigwiritsitsa ndi yakuti maso a mwana wachialubino saipiraipira. Momwe akuonera ali ndi zaka 8 ndi momwe adzaonere ali ndi zaka 30, mwinanso bwinoko, popeza kugwedezeka kuja kumachepa akamakula. Ofufuza a ku England, Paul Lynch wa ku Birmingham ndi Patricia Lund wa ku Coventry, pogwira ntchito ndi mtsogoleri wa bungwe la anthu achialubino m'Malawi, anafalitsa kafukufuku mu 2014 wokhudza maphunziro a anawa m'dziko muno, ndipo limodzi mwa mavuto omwe ntchito yawo inaunika ndi chikhulupiriro choti mwana wachialubino adzasiya kuona, ndiye bola aphunziretu Braille, zilembo za timadontho zowerenga ndi zala. Braille ndi chuma kwa mwana wosaona. Koma kumupatsa mwana yemwe angathe kuwerenga zilembo za inki ndi kumutsekera mabuku, nyuzipepala, zikwangwani ndi mauthenga a pa foni zomwe akanazifikira yekha. Nthawi zambiri mwanayo amatha n'kuwerenga timadontho ta Braille ndi maso, atagunditsa mphuno pa pepala, chomwe chikanayenera kuuza aliyense kuti apa talakwitsa njira.

Malangizo omwe aliyense amawadziwa ndi akuti mwanayu akhale kutsogolo. Ndi abwino, koma tiwawerengere. Kuchipatala akalemba kuti mwana amaona 6/36, akutanthauza kuti chomwe wina amachiona ali pa mamita 36, iyeyu amachiona atafika pa mamita 6. Ayenera kuyandikira kasanu n'kamodzi. Chilembo chomwe mnzake amachiwerenga movutikira ali pa mamita 6, iye achiwerenga ali pa mita imodzi. Mzere woyamba m'makalasi ambiri uli pa mamita 2 kapena 3 kuchokera pa bolodi, ndipo bolodiyo ndi yayitali, mbali yake ina ili kutali. Choncho kukhala kutsogolo pakokha sikukwanira. Mwanayo aloledwe kudzuka n'kupita pa bolodi popanda kupempha, mphunzitsi azinena mokweza chomwe akulemba, ndipo ngati n'kotheka amupatse pepala lomwe wakonzerapo phunziro kuti akopere ali pa malo pake. Kachipangizo koonera patali ka diso limodzi, komwe kamakwana m'thumba la malaya, kamathandiza ana okulirapo, makamaka kusekondale.

Mbali yokhala nayonso ili ndi nkhani. Ana ambiri omwe maso awo amagwedezeka ali ndi kolowera komwe masowo amadekha, ndiye amapendeketsa kapena kutembenuza mutu kuti apeze pomwepo. Mphunzitsi wosadziwa amawongola mutuwo, kapena kukalipa kuti, "Iwe, tandiyang'ana bwino!" Kuteroko ndi kumulanda malo okhawo omwe amaonera bwino. Mwana yemwe maso ake amadekha akayang'ana kumanja akhale kumanzere kwa kalasi, kuti bolodi ikhale kumanja kwake. Zenera likhale kumbuyo kapena kumbali, lisamuthobwe m'maso, ndipo mphunzitsi asaime patsogolo pa zenera pophunzitsa. Kalasi ya pansi pa mtengo ndi yovuta kwambiri kwa mwanayu. Chipewa chachikulu achivale ngakhale m'kalasi. Ulemu wovula chipewa ndi wabwino, koma apa ukupweteka munthu. Kuyandikitsa buku kumaso sikuononga maso, ndi njira yake yokulitsira zilembo, ndipo n'chifukwa chake sangagawane buku limodzi ndi anzake atatu monga zimakhalira. Akufunika lakelake.

Dongosolo la mwana wachialubino ku Malawi silingathere pa maso. Chiyambire kumapeto kwa 2014, pomwe kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino kunachuluka mpaka katswiri wa United Nations Ikponwosa Ero anabwera kudzaona yekha mu April 2016, makolo ena anasiyitsa ana sukulu, ena anawatumiza kusukulu zogonera komweko. Chitetezo ndi chifukwa chomveka chosankhira sukulu yotere, koma chisasanduke chifukwa chomuphunzitsira ngati wosaona. Amene akumuperekeza popita ndi pobwera, yunifolomu ya manja aatali, mafuta oteteza khungu, kusamuimika padzuwa pa asembule kapena kumupatsa chilango cholima masana, zonsezi zilembedwe pamodzi ndi za bolodi.

Dongosolo lenilenilo

Ku America lamulo la 1975 linakhazikitsa kuti mwana aliyense waulumali akhale ndi dongosolo lakelake lolembedwa, lomwe amalitcha IEP, ndipo sukulu ikapanda kulitsata makolo angathe kuisumira. Ku England kuyambira 2014 kuli EHC plan, yomwe imaphatikiza maphunziro, zaumoyo ndi chisamaliro mpaka munthu atafika zaka 25. Amalawi omwe akulera ana kumeneko angathe kupempha khonsolo yawo kuti iunike mwana, ndipo ndi bwino kuumirira kuti mphunzitsi wodziwa za maso akhale nawo pounikapo. Kwathu kuno lamulo la anthu aulumali la 2012 linaletsa kusala mwana pa maphunziro, ndipo boma linatulutsa ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya 2017 mpaka 2021. Aphunzitsi apadera amaphunzitsidwa ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo amaidziwa IEP. Vuto ndi lakuti ndi ochepa, ndipo amaphunzira m'nthambi: wina za osaona, wina za osamva, wina za ovutika kuphunzira. Mwana wa Down syndrome amagwera kwa wachitatuyo, pomwe nzeru ya maso ili kwa woyambayo. M'maganizo mwanga, mpata umenewu ndi womwe umameza ana ambiri kuposa kusowa kwa zipangizo.

Sukulu yomwe ilibe mphunzitsi wapadera isadikire. Isadikirenso kuti chipatala chitsimikize dzina la vutolo ndi magazi, chifukwa dongosolo limamangidwa pa zomwe mwana akuchita, osati pa dzina. Mphunzitsi angathe kuyeza zambiri ndi choko. Alembe zilembo kapena zithunzi za misinkhu yosiyana pa bolodi, amubweze mwana pang'onopang'ono, aone pomwe wayamba kuphonya. Achitenso chimodzimodzi pa pepala, m'mawa ndi masana, pafupi ndi zenera ndi kutali nalo. Akapeza zilembo zazing'ono kwambiri zomwe mwana akutha kuziwerenga, asaime pamenepo: zowerenga tsiku ndi tsiku zikhale zazikulu kawiri kapena katatu kuposa zimenezo, poti palibe amene angawerenge tsiku lonse ali pa malire a maso ake.

Zopezekazo zilembedwe m'mawu omwe mphunzitsi wina angawatsate mawa. "Athandizidwe kuona bwino" si dongosolo. "Akhale kumanzere, mita imodzi kuchokera pa bolodi, alembe ndi cholembera chakuda, avale magalasi nthawi zonse, pamasewera pomwe, mayi ake apita naye kukapimitsanso maso teremu yachitatu" ndilo dongosolo, chifukwa lingathe kuonedwa ngati lachitika kapena ayi. Kholo likhalepo polemba, pakuti ndi lomwe likudziwa ngati mwana amapunthwa kukada, ngati amaopa masitepe, ngati amazindikira anthu ndi mawu asanawaone nkhope. Mwanayo afunsidwe. Ana achialubino a zaka 9 amadziwa bwino lomwe choko chomwe chimaoneka ndi chomwe sichioneka, kungoti safunsidwa.

Kupima kwenikweni kumachitika kuchipatala. Lions Sight First Eye Hospital ku Queen Elizabeth mu Blantyre imaona ana, ndipo kuli nthambi za maso ku Kamuzu Central, Zomba, Mzuzu ndi ku Nkhoma. Mzuzu University ndi Malawi College of Health Sciences amaphunzitsa opima maso, choncho m'zipatala zamaboma akupezeka kuposa kale. Chomwe chimasowa ndi mlatho. Zotsatira zimalembedwa m'buku la kuchipatala m'manambala omwe mphunzitsi sadzawaona, ndipo akawaona sadzawamva. Kholo lipemphe wopimayo alembe ziganizo ziwiri zomveka za kusukulu, ndipo mphunzitsi wamkulu asunge kope lake. Dongosolo linenenso chochita magalasi akasweka, chifukwa adzasweka, komanso momwe kalasi iuzidwire za magalasiwo mwana asanayambe kusekedwa. Mwana wosekedwa amawabisa m'chikwama akangotuluka pakhomo.

Dongosolo lomwe linagwira ntchito mu Sitandade 2 likhoza kulephera mu Sitandade 5 maso a mwana asanasinthe konse. Zilembo za m'mabuku zimachepa makalasi akamakwera, zolemba pa bolodi zimachuluka, ndipo mu Sitandade 5 maphunziro amasinthira ku Chingerezi, chinenero chomwe mwana sangalotere mawu ake monga amachitira ndi Chichewa akaona theka la liwu. Ana ena omwe amati anali anzeru koma angofooka, afookera pamenepa. N'chifukwa chake pepalalo liunikidwe chaka chilichonse chikamayamba, ndipo liperekedwe m'manja mwa mphunzitsi watsopano, osati kusiyidwa m'kabati ya mu ofesi.

Pa mayeso a boma, MANEB imakonza mapepala a zilembo zazikulu ndi a Braille, koma imakonzera ana omwe sukulu inawatchula polembetsa. Mphunzitsi wamkulu akaiwala kulemba pa nthawi yolembetsa mayeso a Sitandade 8, JCE kapena MSCE, tsiku la mayeso mwana apatsidwa pepala wamba. Ndipo ngakhale pepala lalikululo litabwera, mwana yemwe sanaligwirepo amataya nthawi kufufuza pomwe funso layambira, poti amawerenga atayandikitsa nkhope ndipo saona tsamba lonse nthawi imodzi. Mayeso a pa teremu ndi oyeserera a m'Sitandade 7 ndi 8 azilembedwa pa pepala la mtundu womwewo, ndi nthawi yoonjezera yomweyo, pa mpando womwe uli kutali ndi kuthobwa kwa zenera.